Musapikisane ndi munthu amene sakudziwa kuti pali mpikisano

Anthu awiri agwirizana kuthamanga makilomita 10 mofatsa, mphindi 6 pa kilomita. Ayamba bwino, mapewa ali pamodzi, nkhani ili m'kamwa. Pa kilomita yachiwiri mmodzi atsogolako pang'ono, theka la phazi chabe. Mnzakeyo, posafuna kuoneka ngati akutsalira, awonjezera liwiro kuti alingane naye. Wotsogola uja akangoona phewa la mnzake lafika, atsogolanso ndi theka la phazi lomwe lija. Pofika pa kilomita yachisanu nkhani yazima, onse ali wefuwefu, wotchi ikuonetsa mphindi 5 ndi masekondi 10, chonsecho palibe amene watsegula pakamwa kunena kuti tifulumire. Akamasiyana, aliyense mumtima akuti mnzake ndiye amathamangitsa.

Ine ndimati wotsogola uja walakwira anthu awiri, mnzake ndi iye mwini. Ambiri amaona ulemu pakati pa othamanga ngati chinthu chongokometsera, chofunika kwa ongoyamba kumene, ndipo amaganiza kuti wolimbikira zenizeni ndi amene salola kupitiriridwa. Koma mukayang'anitsitsa mmene thupi limakulira mphamvu, mupeza kuti khalidwe limene limakhumudwitsa mnzanu pa tsiku lokonzekera ndi lomwelonso limene limawononga kukonzekera kwanu. Mtima wa mpikisano ndi wabwino, ndipo wothamanga wopanda mtimawu sapita patali. Vuto limabwera ukatulukira pa tsiku limene simunapangane.

Katswiri wa kayendedwe ka thupi pa masewera, Stephen Seiler, amene amagwira ntchito ku Norway, anatsatira mmene akatswiri a masewera ofuna kupirira amakonzekerera: othamanga mitunda italiitali, opalasa njinga, opalasa bwato ndi otsetsereka pa chipale chofewa. Anapeza kuti pa maulendo 10 aliwonse okonzekera, pafupifupi 8 amakhala ofatsa ndipo 2 okha ndiwo owawa. Maulendo ofatsawa ali ndi ntchito yaikulu. Ndiwo amachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa magazi m'minofu, amaphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta m'malo momaliza msanga shuga wosungidwa, ndipo amapatsa mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu nthawi yoti izolowere kugunda pansi. Mtima ndi mapapo zimalimba m'masabata ochepa, pamene mtsempha wa kuchidendene ndi fupa la msongolo zimafuna miyezi. N'chifukwa chake munthu amatha kumva kuti mpweya ulipo wambiri miyendo isanakonzeke.

Tsono taonani zimene theka la phazi lija lachita. Ulendo umene unayenera kupumitsa thupi wasanduka wapakatikati: ndi wolemera moti thupi silichira, komanso ndi wopepuka moti suwonjezera liwiro. Mawa lake, pa tsiku limene munayenera kuthamanga mwamphamvu, miyendo ili ndi ngongole ya dzulo, ndiye mamita 400 amene munafuna kumaliza m'masekondi 90 akutuluka 96. Zikachitika sabata ndi sabata, masiku onse amafanana, nthawi ya pa mpikisano siisuntha, kenako kumayamba kupweteka m'mphepete mwa msongolo kapena kuseri kwa chidendene m'mawa podzuka. Wovulalayo kawirikawiri amakhala amene amatsatira, chifukwa kwa iye liwiro lija linali lolemera kuposa kwa wotsogolayo. Munthu angathe kuvulaza mnzake osamukhudza n'komwe.

Apa m'pamene kucheza kumasanduka chida. Njira yodalirika yodziwira ngati mukuthamanga mofatsa ndi kulankhula. Ngati mungathe kunena chiganizo chathunthu, cha mawu 10 kapena 12, osaima pakati kuti mukoke mpweya, liwiro lili bwino. Ngati mukuyankha mawu awiri atatu okha, mwadutsa malire. Choncho gulu likangoti zii pa tsiku lofatsa, chimenecho ndi chizindikiro chofanana ndi wotchi ikulira. Mfunseni funso amene ali kumbuyo kwenikweni, funso lofuna yankho lalitali. Akayankha ndi "eee" wokha, bwezani liwiro ndi masekondi 15 kapena 20 pa kilomita popanda kulengeza kuti mukuchitira iyeyo.

Amene amaopa kuti kufatsa kuwachotsera ulemu ayang'ane Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga mitunda italiitali wa ku Kenya. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna anathamanga mtunda wa marathon, makilomita 42.195, mu 1:59:40, kutanthauza pafupifupi mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita iliyonse. Ku Kaptagat m'dziko la Kenya, kumene wakhala akukonzekera ndi gulu la mphunzitsi Patrick Sang, maulendo ofatsa amayamba pa liwiro la mphindi 5 pa kilomita, mwinanso mochedwerapo. Kusiyana kwake n'koposa mphindi 2 pa kilomita. Yerekezani ndi munthu amene pa mpikisano wa makilomita 10 amathamanga mphindi 5 pa kilomita, koma pa tsiku lopuma akukana kutsika kupitirira 5:10 chifukwa mnzake akumuona. Munthu ameneyu ali pa mpikisano tsiku lililonse, ndipo thupi lake lidzam'lipiritsa.

Otsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo ndi yoona. Munthu amathamanga kwambiri akakhala ndi wina pambali. Kale mu 1898, Norman Triplett anaona kuti opalasa njinga amafulumira akakhala ndi anzawo kusiyana ndi akakhala okha. Palinso phindu la mphepo. Mu 1971 Griffith Pugh, dokotala amene anali m'gulu lokwera phiri la Everest mu 1953, anayeza kuti pa liwiro la mipikisano ya mtunda wapakati, pafupifupi 7.5 peresenti ya mphamvu imathera pong'amba mpweya, ndipo kuthamanga mita imodzi kumbuyo kwa wina kumachotsa pafupifupi cholemetsa chonsecho. Nanga tikanirenji thandizo lotere? Sindikulikana. Ndikungoti ndi mankhwala amphamvu, oyenera kumwa pa tsiku lake ndi pa mlingo wake. Ndipo chiwerengero cha Pugh chikutiuzanso za ulemu: amene ali patsogolo akukugwirirani ntchito, ndiye muli naye ngongole.

Nkhani ya pa 6 Meyi 1954 pa bwalo lothamangirapo la Iffley Road ku Oxford, England, imakumbukiridwa ndi dzina limodzi, la Roger Bannister, munthu woyamba kuthamanga mailo imodzi m'mphindi zosakwana 4. Anamaliza mu 3:59.4. Koma anali atapangana ndi anzake awiri amene ankakonzekera nawo, Chris Brasher ndi Chris Chataway. Brasher anatsogolera maulendo awiri oyamba ozungulira bwalo, Chataway n'kulandira. Pa ulendo woyamba Bannister anamva miyendo itapepuka ndipo anakuwira Brasher kuti afulumire. Brasher sanamvere. Anasunga liwiro limene anagwirizana, n'kufika theka la mailo mu 1:58. Akanatengeka ndi mfuwu ija, mphamvu zomalizira zikanathera panjira. Mnzanu weniweni pa masewerawa ndi amene amatha kukukanizani pamene magazi atentha.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mpikisano umakhala mpikisano onse akadziwa poyambira ndi pothera. Ndiye musanaponye phazi loyamba, gulu limve zinthu zitatu kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi: mtunda wake, liwiro lake, ndi zimene zichitike wina akatsalira. Liwiro litchulidwe ndi manambala, monga "pakati pa 5:50 ndi 6:10", chifukwa mawu oti "mofatsa" amatanthauza zosiyana kwa munthu aliyense. Pa tsiku lofatsa, wochedwa kwambiri ndiye mwini liwiro. Amene ali ndi mphamvu zambiri akhale pambali pake phewa ndi phewa, kapena theka la phazi kumbuyo, ndipo ngati makilomita 10 amchepera, afike msanga athamange atatu payekha, kapena awonjezere gulu likabalalika. Wofuna kumaliza mwamphamvu anene poyamba kuti makilomita awiri omaliza ndi omasuka. Akatero palibe wodabwa, palibenso wokhumudwa.

Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri chimachitikira pamalo odikirirana, ndipo ochichita amaganiza kuti akuchita zabwino. Gulu lapangana kudikirana pakatha makilomita atatu. Akutsogolo afika, aima, amwa madzi, apuma. Wakumbuyo, amene akuchedwa ndi masekondi 30 pa kilomita, afika patatha mphindi imodzi ndi theka, ndipo akangofika wina akuti "tonse tilipo, tiyeni". Amphamvu apuma masekondi 90, wofooka sanapume ngakhale sekondi imodzi, ndipo pa gawo lotsatira mpata uja ukula. Kudikira kwenikweni kumayamba kuwerengedwa womaliza akafika: mphindi imodzi yathunthu, ndipo iyeyo ndiye anene kuti tinyamuke. Njira yabwino koposa ndi yoti akutsogolo akafika pamalopo atembenuke, athamange mofatsa kubwerera kwa womaliza, n'kubwera naye limodzi. Iwo awonjezera mtunda, miyendo siizizira, ndipo palibe amene wafika pa gulu la anthu oimirira akumuyang'ana.

Tsiku lowawa nalonso lili ndi malamulo ake, ndipo apa m'pamene mtima wa mpikisano uyenera kuloledwa kulowa, koma pa chingwe. Tinene kuti mwapangana maulendo 8 a mamita 400, uliwonse masekondi 90, kupuma mphindi imodzi pakati. Cholinga ndi choti onse 8 afanane, asasiyane kupitirira masekondi 2 kapena 3. Pali anthu awiri amene amawononga ntchito imeneyi. Woyamba amatsogolera ulendo woyamba n'kuumaliza mu 82 pofuna kuonetsa kuti lero ali bwino. Gulu lonse limamutsatira, ndipo pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi aliyense akukwawa mu 97. Wachiwiri amabisala kumbuyo kwa anzake maulendo 7, akupewa mphepo ndi ntchito yoyang'ana wotchi, kenako pa womaliza amatulukira ngati muvi n'kukweza manja. Ameneyu wadya thukuta la anzake. Mankhwala ake ndi osavuta: kutsogolera kuzizungulira, ulendo uliwonse munthu wina. Wotsogolera ayang'ane wotchi pa mamita 200, pamene iyenera kuonetsa masekondi 45, ndipo akonze pang'onopang'ono ngati wapyola. Otsatira asiye mpata wa phazi limodzi lathunthu kuti asaponde chidendene cha mnzawo. Ngati gulu likufuna kuti ulendo womaliza ukhale wa aliyense payekha, linene ulendo woyamba usanayambe.

Anthu a liwiro losiyana angathenso kupikisana mokoma ngati wochedwa ayamba msanga. Wina amathamanga mamita 1,000 mu 4:30, wina mu 4:00: woyambayo anyamuke masekondi 30 patsogolo. Wina akuthawa, wina akuthamangitsa, onse ali pa liwiro lowayenera, ndipo amafika pa mzere pamodzi.

Nkhani imavutirapo ikafika kwa munthu wosamudziwa amene mwamuona patsogolo panjira. Mwendo umangofuna kumupeza. Koma simukudziwa ali pati mu ulendo wake. Mwina ali pa kilomita ya 28 mwa 32, mwina akupuma pakati pa maulendo awiri othamanga kwambiri, mwina ndi sabata yake yoyamba kuchoka pa kuvulala. Kumupitirira sikukuuzani kanthu za mphamvu zanu. Ngati liwiro lanu lenileni likukufikitsani pa iye, mudziwitseni mukadali mamita 5 kapena 10 kumbuyo, ndi moni kapena kungogunditsa mapazi, kuti asadzidzimuke n'kulumphira mbali imene mukudutsa. Siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo musabwerere kutsogolo kwake musanapite mapazi atatu kapena anayi. Choipitsitsa ndi kupitirira munthu mwaphuma kenako n'kufooka pamaso pake, iye n'kukakamizika kukudutsani, inu n'kuyambiranso. Ngati simungathe kusunga liwiro limene mwadutsira kwa mphindi zingapo, simunayenere kudutsa. Nanunso wina akamakupitirirani, sungani liwiro lanu ndi mbali yanu. Kuwonjezera moto pamene phewa lake lafika kumam'kakamiza kukhala nthawi yaitali pakati pa msewu kapena m'mphepete moterera.

Kukakamira kumbuyo kwa mlendo osalankhula n'kosayenera, ngakhale liwiro lanu litafanana. Kwa inu kungakhale kupewa mphepo, koma iye akungomva mapazi ndi mpweya wa munthu amene sakumuona nkhope. Abambo amve bwino apa: mayi amene akuthamanga yekha, makamaka m'bandakucha kapena kukamada, sangadziwe cholinga chanu, ndipo mantha ake ali ndi chifukwa. Mudutseni msanga mutatalikira, kapena tsalirani mamita 50, kapena wolokerani tsidya lina. Mukafuna kuthamangira limodzi ndi wina, pemphani ndi mawu, ndipo akakana landirani.

Moni ndimaukonda ndipo ndimaulimbikitsa. Kugwedeza mutu kapena kukweza dzanja sikudya mpweya, ndipo munthu amene akulimbana ndi chitunda amapepukidwa wina akamuona. Koma moni ndi mphatso, si ngongole. Amene sanayankhe mwina ali pakati pa ulendo wowawa moti maso ake sakuona kanthu kupitirira mamita awiri, mwina wavula magalasi, mwina anaphunzira kuti kuyankha alendo kumam'bweretsera mavuto. Musam'tengere kumtima. Ndemanga za thupi la munthu, kunenepa kapena kuonda kwake, zovala zake, zisiyeni zonse. Malangizo amene sanapemphedwe, onena za kaponyedwe ka mapazi kapena nsapato, asungireni amene wakufunsani.

Pa bwalo lothamangirapo malamulo amachokera ku masamu. Mzere woyamba, wam'kati, ndiwo uli ndi mamita 400. Wachiwiri uli ndi pafupifupi 407, ndipo wachisanu ndi chitatu umafika 453. Munthu amene akuyeza nthawi yake pa liwiro la mphindi 4 pa kilomita, mukam'kakamiza kuzungulira mu mzere wachiwiri, mwam'bera pafupifupi masekondi awiri pa ulendo uliwonse. Choncho kuyenda, kutenthetsa thupi, kupuma ndi kucheza zichitikire m'mizere yakunja. Aliyense azungulire mbali imodzi, dzanja lamanzere lili m'kati, ndipo wodutsa adutsire kumanja. Mukamaliza ulendo wanu musaime chiriri pa mzere. Chewukani kaye, kenako tulukani, chifukwa wina akubwera kumbuyo pa liwiro limene sangathe kuima nalo mwadzidzidzi, mwinanso atavala nsapato za misomali.

Pamsewu wopanda njira ya oyenda pansi, thamangani moyang'anizana ndi magalimoto, awiriawiri pamene pali malo, mmodzimmodzi pamene pachepa kapena pokhota. Wakutsogolo achenjeze za dzenje ndi mwala, popeza amene ali kumbuyo kwake sakuona pansi, ndipo wakumbuyo achenjeze za galimoto kapena njinga. Wofuna kulavula kapena kumina apite kumbuyo kwa gulu, aone kumene mphepo ikulowera. Mahedifoni onse awiri m'makutu muli pagulu ndiye kuti machenjezo onsewa sakukufikani.

Masiku ano theka la phazi lija lasamukiranso pa foni. Strava, pulogalamu ya pa foni yolembera maulendo othamanga imene inayamba mu 2009, imasanja anthu potengera nthawi imene athamangira pa kagawo kena ka njira, ndipo ambiri amawononga ulendo wofatsa pothamangitsa dzina lawo pa mndandanda umenewo. Enanso amalemba pansi pa ulendo wawo kuti lero zinali pang'onopang'ono chifukwa amaperekeza uje. Mawu otere amateteza ulemu wa wolembayo pogwiritsa ntchito manyazi a mnzake, amene mwina tsiku limenelo anathamanga bwino kuposa kale lonse. Ngati nambala yochedwa ikukuvutani kuti anthu aione, bisani ulendowo, dzina la mnzanu lisalowemo.

Pali malire amodzi amene ngakhale tsiku lowawa silidutsa: wina akagwa, akayamba kuzandima kapena kulankhula zosamveka chifukwa cha kutentha, wotchi imayamba yaima. Mu 1956 ku Melbourne, pa mpikisano wa dziko la Australia wa mailo imodzi, Ron Clarke anagwa, ndipo John Landy pomudumpha anam'kanda ndi misomali ya nsapato. Landy anaima, n'kubwerera kukaona ngati mnzake ali bwino, kenako anathamangitsa gulu lonse n'kupambana mu 4:04.2. Ngati zinatheka pa mpikisano wa dziko, pa ulendo wokonzekera palibe chowiringula. A bungwe la parkrun, amene anayamba ndi othamanga 13 ku Bushy Park mu London mu 2004, amaika munthu wodzipereka woyenda kumbuyo kwa onse pa makilomita 5 awo a Loweruka. Gulu lililonse loposa anthu 6 kapena 7 lingachite chimodzimodzi, ntchitoyo n'kumasinthana, kuti amphamvu nawonso azilawa kumbuyo.

Wochedwa nayenso ali ndi udindo wake, ndipo kunyada kwake kumawononga mofanana. Kukukuta mano n'kumatsatira liwiro limene simunagwirizane, poopa kuoneka wofooka, ndiko kumadyetsa theka la phazi lija, chifukwa wotsogolayo amaona ngati zonse zili bwino. Kupepesa pa kilomita iliyonse nakonso kumatopetsa anzanu, amene anasankha okha kuthamanga nanu. Nenani nambala basi: "Tinati 6:00, tili pa 5:30." Ambiri otsogola sadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezi, ndipo amabweza msanga. Akabwereza, nenaninso kamodzi. Akapanda kumva kachiwiri, musam'thamangitse. Bwererani pa mphindi 6 zanu, mumuuze pamene mukakumane, ndipo mumalize makilomita 10 amene munadzera.